KUWERENGA ANAMGUMI A KUMPOTO

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a masukulu a kumidzi



Pa mapu a dziko lapansi opacikidwa pa khoma la sukulu pali dera loyera kumtunda kwenikweni, limene ana saliyang'ana kawiri kawiri, ndipo mphunzitsi alipitirira ndi mau ocepa, kuti kumeneko nkozizira. Dera limenelo lichedwa Arctic. Nkhani ya lero iri ya dera lomwelo, makamaka ya funso limodzi limene labvuta eni dziko pamodzi ndi akatswiri a maphunziro: kodi munthu angatenge zingati pa zamoyo za m'dziko lace, kuti zotsalazo zibalane ndi kubwezera zimene watenga? Funsoli limveka lapafupi, koma yankho lace lagona pa kuwerenga, ndipo kuwerenga zamoyo m'dziko la madzi oundana kuli nchito yobvuta koposa. Nkhaniyi ionetsa kuti ciwerengero coona cinapezeka pokhapo pamene munthu wa mabuku anakhala pansi namvera mlenje wa m'dzikomo.

DZIKO LOBWEZERA MOCEDWA

Pakati pa Arctic pali nyanja yaikulu, yophimbidwa ndi madzi oundana olimba ngati mwala. M'mbali mwace muli zigawo za maiko asanu ndi atatu: Canada, United States, Russia, Norway, Sweden, Finland, Iceland, ndi Denmark amene agwirizana ndi cisumbu cacikulu ca Greenland. Anthu okhala m'zigawo zimenezi ali pafupi 4 miliyoni, ndipo pakati pao pali mitundu yakale monga Inuit, Sami ndi Nenets. Pa mudzi wa Utqiagvik, umene kale unkachedwa Barrow, kumpoto kweni kweni kwa Alaska, dzuwa likalowa m'mwezi wa November silituluka masiku oposa 60. Ndipo likatuluka m'mwezi wa May silirowa masiku oposa 80. Mitengo simera kumeneko, pakuti pansi pa nthaka mpoundana caka conse. Munda palibe, cakudya ca anthu cicokera ku nyama za pamtunda ndi za m'nyanja.

Cimene mphunzitsi ayenera kugwira poyamba ndi ici: m'dziko lozizira cotere zamoyo zikula mocedwa. Udzu wa kumaiko otentha ukapsa ndi moto uphukanso mvula yoyamba ikagwa. Koma ndere zoyera zomera pa nthaka ya Arctic, zimene nyama zidya m'nyengo ya cisanu, zitalika mamilimita owerengeka okha pa caka, ndipo zikatha pafunika zaka makumi angapo kuti zibwerere. Cotero kulakwa kwa zaka zisanu kulipiridwa ndi adzukulu.

CISUMBU CA ST MATTHEW

Umo kulakwa kotere kucitikira kunaoneka bwino pa cisumbu ca St Matthew, m'nyanja ya Bering, kumadzulo kwa Alaska. Cisumbuco ciri cacitali makilomita ngati 50, copanda mitengo ndi copanda mudzi. M'caka ca 1944, nkhondo yaikulu iri mkati, asilikari a ku America olonda nyanja anatula pamenepo nyama 29 za mtundu wochedwa reindeer, ndizo nyama za nyanga za mphanda zimene anthu ena a kumpoto aweta monga ng'ombe. Anafuna kuti zikhale nkhokwe ya nyama ngati combo cobweretsa cakudya cikacedwa. Pambuyo pace asilikari anacoka, nasiya nyamazo pa cisumbu popanda mbusa, popanda mlenje, ndiponso popanda cirombo cakuzigwira.

M'caka ca 1957 katswiri wa za nyama, David Klein, anafika pa cisumbupo napeza nyama 1,350, zonenepa bwino. Atabweranso m'caka ca 1963 anapeza 6,000. Koma tsopano zinali zocepa thupi, ndipo ndere zinali zitadyedwa ndi kupondedwa m'malo ambiri. Nyengo ya cisanu yotsatira, ya 1963 kufikira 1964, inali yoopsa kopambana, ndipo cipale cofewa cinakwirira tizomera totsala. Pamene Klein anafikanso m'caka ca 1966 anapeza mafupa ali mbwee, ndi nyama zamoyo 42 zokha, yamphongo imodzi pakati pa izo. Sizinabalanenso, ndipo m'zaka za m'ma 1980 zinatheratu.

Akatswiri amene anapendanso nkhaniyi pambuyo pace anaonetsa kuti cisanu ca caka cija cinali ndi mbali yaikulu pa imfa ya nyamazo. Komabe cisanuco cinapeza nyama zoonda pa nthaka yopanda nkhokwe. Palibe munthu anapha nyama za pa St Matthew mopitirira muyeso; zinafa cifukwa panalibe woyesa msipu ndi kucepetsa gulu nthawi ikalipo. Apa pali phunziro loyamba: kusunga cuma ca cilengedwe sikuli kungocileka osacikhudza ai, koma kudziwa muyeso wace.

NAMGUMI WA M'MADZI OUNDANA

Nkhani yaciwiri, imene iri mutu weni weni wa lero, ndi ya namgumi wochedwa bowhead, amene anthu a mtundu wa Inupiat a ku Alaska amucha agviq. Namgumi sali nsomba, ngakhale akhala m'madzi. Apuma mpweya ndi mphuno za pamwamba pa mutu, ndipo ayamwitsa mwana wace. Wa mtundu umenewu atalika kufikira mamita 18, ndipo mafuta a pansi pa khungu lace acindikala pafupi theka la mita. Alibe mano, koma m'kamwa mwace muli zisa zazitali zonga cipeso, zimene asefera nazo tizirombo tating'ono ta m'madzi. Wamkazi ayamba kubala ali ndi zaka ngati 25, nabala mwana mmodzi yekha pa zaka zitatu kapena zinai.

Azungu anayamba kupha anamgumi amenewa pafupi ndi zisumbu za Spitsbergen, kumpoto kwa Norway, m'caka ca 1611. Mafuta anali oyatsira nyale m'mizinda ya ku Ulaya, ndipo zisa za m'kamwa zinali zolimbitsira zobvala za akazi ndi maambulera. Anapha osawerenga, kufikira nyanja ija inakhala ngati yapululu. Ndipo kufikira lero anamgumi a kumeneko ali owerengeka. M'caka ca 1848 kapitao wa ku America, Thomas Roys, anapyola mpata wa Bering napeza gulu lina lalikulu m'nyanja ya kumpoto kwa Alaska. Zombo zambiri zinamtsata, ndipo pofika caka ca 1914 anamgumi oposa 18,000 anali ataphedwa m'nyanja zimenezo. Malondawo sanathe cifukwa ca cifundo ai, koma cifukwa anamgumi anasowa, mafuta a m'nthaka analanda malo a mafuta a namgumi, ndipo zisa zija zinaleka kugulidwa.

Koma Ainupiat anali kusaka namgumi zaka zoposa 1,000 zombo zija zisanafike, ndipo anapitiriza zitacoka. Caka ndi caka anamgumi acoka ku nyanja ya Bering m'miyezi ya April ndi May, natsata ming'alu ya madzi imene itseguka pakati pa madzi oundana, napita ku nyanja ya Beaufort kumpoto kwa Canada. Alenje amanga misasa m'mphepete mwa mng'alu, nalinda usana ndi usiku ndi bwato la zikopa lochedwa umiaq. Akalasa namgumi ndi mkondo wacingwe, mudzi wonse udza kudzakoka. Nyama sigulitsidwa, igawidwa monga mwa mwambo, kwa alenje, kwa okoka, kwa nkhalamba ndi amasiye, ndipo ina isungidwa m'maenje okumbidwa m'nthaka youndana kufikira phwando la mwezi wa June lochedwa Nalukataq. Namgumi mmodzi adyetsa mudzi miyezi yambiri, ndipo ulemu wa munthu m'mudzimo uyesedwa ndi zimene wagawa.

MLANDU WA 1977

M'caka ca 1946 maiko anapangana kukhazikitsa bungwe loyang'anira kuphedwa kwa anamgumi pa dziko lonse, lochedwa International Whaling Commission. Bungweli linaletsa amalonda kupha bowhead, koma linalola eni dziko kusaka cakudya cao. Zinthu zinayenda cete kufikira zaka za m'ma 1970. Pamenepo ndalama zinaculuka ku Alaska cifukwa ca mafuta a m'nthaka, mabwato osaka anaonjezeka, ndipo anamgumi ambiri analasidwa koma osakokedwa kumtunda. Anathawa ndi mabala kapena kumira. Ili linali bvuto loona, ndipo siliyenera kubisidwa.

Akatswiri a boma la America anali atayesa kuwerenga anamgumi. Anaimirira pa zitunda za madzi oundana m'mphepete mwa mng'alu pafupi ndi Barrow, nalemba namgumi ali yense amene anamuona akupuma. Pa kuwerenga kotere anati otsala ali pakati pa 600 ndi 2,000. Bungwe lija litamva ici pa msonkhano wace ku Canberra m'mwezi wa June 1977, linaletsa Ainupiat kupha ngakhale mmodzi.

Aphunzitsi alingalire kulemera kwace kwa lamulo limeneli. Ngati akatswiri ananena zoona, kusaka kukadatha mtundu wonse wa nyama imene inapulumuka pang'onong'ono pa mikondo ya amalonda. Ngati analakwa, ndiye kuti midzi inalandidwa cakudya cace ndi mwambo wace popanda cifukwa, ndi anthu osadziwa dzikolo. Mbali zonse ziwiri zinali ndi cakutaya, ndipo mlandu wonse unatsamira pa nambala imodzi.

Alenje sanangodandaula. M'caka comweco, mothandizidwa ndi Eben Hopson, mtsogoleri wa boma la cigawo ca North Slope, akapitao a mabwato anakhazikitsa bungwe lao, Alaska Eskimo Whaling Commission. Pa msonkhano wina ku Tokyo m'mwezi wa December 1977 lamulo linafewetsedwa pang'ono: m'caka ca 1978 midzi yonse pamodzi inaloledwa kukoka anamgumi 12, kapena kulasa 18. Koma alenje anaumirira kuti ciwerengero ca akatswiri ciri colakwa, ndipo anachula zifukwa zitatu zoti munthu angathe kuziyesa. Coyamba, anamgumi ambiri ayenda pansi pa madzi oundana, kumene diso siliwaona. Caciwiri, safuna mng'alu kuti apume, pakuti akankha madzi oundana ndi mutu nawaswa. Cacitatu, ena ayenda kutali m'kati mwa nyanja, kupitirira pamene munthu woima pa citunda angathe kupenya. Akatswiri anali kuganiza kuti mng'alu ukatsekeka anamgumi aima. Alenje anati saima konse.

KUWERENGA PAMODZI

M'caka ca 1981 boma la America linapangana ndi bungwe la alenje kuti alenje eni ace aziyang'anira kusaka ndi kulanga wolakwira malamulo. Pa nthawi yomweyo boma la cigawo ca North Slope, lotsogozedwa ndi Ainupiat, linatenga nchito yowerenga anamgumi ndi kulemba akatswiri ace. Mmodzi wa iwo, Thomas Albert, dotolo wa nyama, anakhala nthawi yaitali akuceza ndi kapitao wacikulire, Harry Brower, nasandutsa mau a mkuluyo mafunso oti ayesedwe limodzi limodzi.

Popeza maso sakadatha kuona pansi pa madzi oundana, anagwiritsa nchito makutu. Anamgumi alira ndi kuitanizana poyenda, ndipo mau ayenda kutali m'madzi. Cotero m'zaka za m'ma 1980 akatswiri anamiza makina omvera mau m'malo angapo m'mphepete mwa mng'alu. Kulira kumodzi kufika msanga ku makina apafupi ndi mocedwa ku makina akutali. Poyesa kusiyana kwa nthawiyo, munthu adziwa pamene pali namgumi. Makinawo anamva anamgumi akupita masiku amene mng'alu unali wotsekeka ndipo olonda sanaone kanthu. Anamvanso ambiri akuyenda kutali ndi gombe. Pambuyo pace akatswiri anaona ndi maso ao timatumbi pa madzi oundana pamene namgumi anaswa kuti apume. Zifukwa zitatu zonse za alenje zinapezeka zoona.

Kuyambira pamenepo kuwerenga kwa maso ndi kwa makutu kunaphatikizidwa. Kuwerenga kwa 2001 kunapeza anamgumi oposa 10,000, ndipo kwa 2011 oposa 16,000. Mbali ina ya kukwera kumeneku inacokera ku kuwerenga kokonzeka, koma mbali ina inali kubalana kweni kweni, pakuti kunaoneka kuti gululo linali kuonjezeka ndi anamgumi oposa atatu pa 100 ali onse caka ndi caka, kusaka kuli mkati. Kuyambira caka ca 1998 muyeso wa caka cimodzi unaikidwa pa anamgumi 67 olasidwa, ogawana midzi ya ku Alaska ndi ya ku Chukotka m'dziko la Russia.

Akulu anapezeka olungama pa zinanso. Iwo ankati namgumi akhala moyo wa anthu awiri. Akatswiri anakayika, kufikira alenje anayamba kupeza nsonga za mikondo ya mwala m'matupi a anamgumi ophedwa, mikondo imene inaleka kugwiritsidwa nchito zaka ngati 100 m'mbuyomo. M'caka ca 1999 Craig George ndi anzace, atapima maso a anamgumi ophedwa, anapeza kuti wina anali ndi zaka zoyerekezedwa 211. M'caka ca 2007 m'thupi la namgumi wina munapezeka cidutswa ca cida copangidwa ku New Bedford ca m'ma 1880. Zoonadi, mau a akulu akoma akagonera.

Komatu pasakhale woganiza kuti nzeru inali mbali imodzi yokha. Alenje anadziwa njira za namgumi, koma sakadatha kunena kuti onse pamodzi ali angati, kapena kuti abalana msanga motani. Zimenezo zinafuna makina, masamu ndi mabuku a zaka zambiri. Ndiponso cidandaulo ca akatswiri pa anamgumi olasidwa ndi kutayika cinali colungama. Alenje anacilandira, nakonza zida zao mothandizidwa ndi katswiri wa ku Norway, naphunzitsa anyamata. Ndipo pamene kale theka lokha la olasidwa linali kufika kumtunda, m'zaka zotsatira anafika atatu mwa anai ali onse. Mutu umodzi susenza denga.

NCHITO YOSATHA

Kuwerenga kumeneku sikungacitike kamodzi kokha, pakuti dzikolo liri kusintha. Kuyambira 1979, pamene makina a mumlengalenga anayamba kujambula nyanja ya Arctic, dera limeneli lafunda mofulumira koposa katatu kupambana dziko lonse. M'mwezi wa September 2012 madzi oundana a pa nyanjayo anacepa kuposa caka cina ciri conse ca m'zolembedwazo. Pamene alenje aimapo papyapyala, ndipo maenje ena osungira nyama asungunuka. Ku Yamal, m'dziko la Russia, mvula inagwa pa cipale m'mwezi wa November 2013 ndi kuundana, nitseka ndere pansi pa cikhakha colimba, ndipo reindeer zoweta pafupi 61,000 zinafa ndi njala. Muyeso umene unali woyenera dzulo uyenera kupimidwanso mawa.

Pali cizindikiro coti maiko aphunzirapo kanthu. M'caka ca 1996 maiko asanu ndi atatu aja anakhazikitsa Arctic Council, nalola mabungwe a eni dziko kukhala pa bwalo limodzi ndi maboma. Ndipo m'caka ca 2018, ku Ilulissat m'dziko la Greenland, maiko a m'mbali mwa nyanjayo pamodzi ndi ena a zombo zazikulu za usodzi, monga China ndi Japan, anapangana kuti pasakhale usodzi wamalonda pakati pa nyanja ya Arctic zaka 16, kuwerengera kuyambira 2021, kufikira nsomba za m'menemo zitaphunziridwa. Ku Spitsbergen anthu anapha poyamba nawerenga zitatha. Apa anapangana kuwerenga poyamba.

ZA MPHUNZITSI

Mphunzitsi wa kumudzi apeza m'nkhaniyi zogwiritsa nchito zitatu. Coyamba ciri ca masamu. Alembe pa bolodi 29, 1,350, 6,000 ndi 42, pamodzi ndi zaka zace, ndipo ana ajambule mzere wokwera ndi kugwa. Pambuyo pace awerengere kuti atatu pa 100 ali onse mwa 16,000 ali 480, nayerekeze ndi 67. Mwana amene waona ndi coko cace kuti 67 acepa pa 480 wamvetsa cifukwa cace gulu lingakule ngakhale anthu ali kudyako. Ndipo akayesa masamu omwewo pa 600 adzamvetsanso mantha a akatswiri a 1977.

Caciwiri ciri ca kayang'anidwe ka zinthu. Olonda a pa citunda sananame; analemba zimene anaona. Kulakwa kwao kunali kuyesa kuti cosaoneka kulibe. Ana aphunzire kufunsa, pa nambala iri yonse imene apatsidwa, kuti inapezeka bwanji, ndani anawerenga, anaima pati, ndipo nciani cikadampita osacipenya.

Cacitatu ciri colemera koposa. Mwana wa sukulu ayesedwa kawiri kawiri kupeputsa agogo ace cifukwa sadziwa kulemba, ndipo nkhalamba nayo iyesedwa kukana za m'buku cifukwa zacokera kutali. Ku Alaska mlandu unatha pamene mau a mkulu sananyozedwe, ndiponso sanangolandiridwa cifukwa ca imvi, koma anamvedwa mwaulemu ndi kuyesedwa mosamala. Mphunzitsi ali woyenera kuphunzitsa macitidwe amenewa, pakuti ndiye akhala pakati pa buku ndi mudzi masiku onse. Atume ana kwa akulu kukafunsa za nyama, nsomba ndi mitengo ya kwao, imene ikula msanga ndi imene icedwa. Alembe mayankho m'kabuku ka sukulu. Ndipo caka ndi caka aone pamodzi ngati ziri comweco. Anamgumi a ku Alaska aculuka lero, ndipo midzi idya nyama yace, cifukwa anthu a kumeneko anapirira nchito yotere zaka zoposa 40.